Mapepala Awiri ku Bangula

Fani ya m'chipinda cha anamwino inafa chaka chatha,
choncho tinakhala asanu, thukuta lili kamukamu,
malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala.
Wachisanu ndi chimodzi anali Ezeleti,
koma iye sanamuwerenge.

Zaka khumi ndi zinayi.
Malungo anamutseka makutu ali kumsana.
Madzi anadza usiku umodzi ku Makhanga
natenga amake, atate ake, nkhokwe ya mapira,
ndi kachizindikiro ka chala pa tsaya
kamene ankamuitanira kunyumba.
Mai Alufandika anamutola kukampu,
namulera ndi ndalama za masau ndi mlamba wouma.

Ine ndine mphunzitsi wake.
Anandiitana chifukwa cha manja angawa.

Pepala loyamba linali m'chikwama mwanga,
la kalembera wa mayeso a Sitandade 8.
Lachiwiri linali patebulo, la chipatala,
pansi pake mzere wautali wodikira dzina la kholo.

Kholo ndani?

Mai Alufandika anati: ndamusambitsa ndine,
koma chikalata cha boma ndilibe,
ndipo nkhani iyi ndikalowa nayo bwanji kutchalitchi?
Amalume ake, amene pamaliro sanaoneke,
anafika pa kabaza kuchokera kwa Tengani:
mbumba ndi yanga, chindapusa chili kuti?
Wochimwayo anaoloka kale Shire pa bwato,
chikwanje chake chodulira nzimbe anachisiya pakhonde.
A Goba a ku ofesi yosamalira anthu
anati khomo la lamulo ndi lopapatiza,
tiyembekeze akuluakulu ku Nsanje ayankhe.
Namwino anayang'ana kalendala.
Chiuno ichi n'cha mwana, anatero,
ndipo masabata sadikira msonkhano.

Manja anga ankathamangira pakamwa pawo
ngati galu wotsata lole ya thonje.
Mawu akuti chilolezo ndinawasowera chizindikiro.
Ndinagwira mpweya. Ndinausiya.

Kusukulu n'chimodzimodzi.
Amati alembe chimangirizo m'Chingerezi
chimene khutu lake silinachilawepo,
mphindi zake zikhale zomwezo, muyeso womwewo.
Komatu mwanayu amajambula Shire ndi zilumba zake zonse,
amabweza chenje mofulumira kuposa wamugolosale,
amadziwa mvula ikadali ku Mozambiki.
Papepala palibe kabokosi ka zimenezo.

Kenaka, phwa!
Chikhatho chake patebulo.
Chete amene iye amagonamo ndi kudzukamo
anatigwera tonse.

Mukunena za ine? anafunsa ndi zala.
Tembenuzani mipando.

Mipando inakhwekhwereza pasimenti.

Kodi zimapweteka?
Ndikatere, mayeso ndilemba?
Nanga ndikapanda kutero, desiki langa mulisunga?
Ndani adzagona pafupi nane kuwodi,
poti magetsi akazima manja anga salankhula?

Namwino anayankha limodzilimodzi,
kumuyang'ana iye, osati ine.
Amalume anapeza chochita ndi chingwe cha nsapato.
Mai Alufandika anasendera,
nagwira nsonga ya chitenje cha mwanayo
monga mmene amagwirira munthu powoloka.

Ndipo Ezeleti ananena chimene akufuna.
Ndinachitula ndi pakamwa panga monga chinalili,
osathira mchere, osachotsa minga,
ngakhale mtima wanga unali ndi maganizo ake.
Pano sindichilemba.
Akwana amene asenza mawu ake osamupempha.

Tsiku limenelo mzere unatsala wosalembedwa.
Foni ya a Goba inatha moto,
anati abwera Lachiwiri.
Namwino anazunguliza Lachiwiri ndi bolopeni yofiira,
kawiri.

Pobwerera, cha ku Mtayamoyo,
mphepo yotentha ikutiwaza mchenga m'maso,
anandikoka dzanja: lija lina lili kuti?
Ndinatulutsa la mayeso.
Analiyala pa bondo, naliwerenga mpaka pansi,
napeza kuti makina analakwitsa dzina lake.
Anatenga pensulo yanga,
nakhwatcha chilembo chimodzi,
nalemba cholondola pamwamba pake, chachikulu,
choti wakhala ku Zomba achione.