Dzimbiri

Zaka makumi atatu Bogumil wakhala akupala dzimbiri
pa zombo za padoko la Gdansk.
Lero Dokotala Wrona waloza nambala papepala:
"Nanunso mwayamba dzimbiri, bambo. M'magazimu.
Mpweya womwe timapumawu
umasiya mwaye ukamawotcha chakudya."

Soseji wokazinga, ndudu, mowa wa Loweruka,
kabotolo kamodzi ka magazi kaulula zonse.

Tsopano Jadwiga amamuwazira kabichi wofiira,
bitiruti, maapozi,
tizipatso takuda ta m'nkhalango tothimbiritsa mano.
Iye amatafuna ngati wopatsidwa chilango.

Chisanu chitatha anakayezetsanso.
Nambala inatsika. Pang'ono chabe.
Anapinda pepalalo kanayi, naliika m'thumba la jekete
momwe munali kale
kachiduswa ka soseji, kokulunga m'nyuzipepala.