Sikelo ya ku Chitakale

Bambo Namacha amayeza tiyi wathu
akuyimba nyimbo ya m'buku pansipansi.
Dengu langa likakwera pa sikelo
makilo awiri amangosowa
ngati nkhungu ya pa Sapitwa dzuwa likaswa.
Lamulungu ndi iwo omwe amatigawira mgonero.

Mukhiwa wokonza njinga sadziwa khomo la tchalitchi.
Amati Mulungu ngati alipo, akudziwa pomupeza:
pansi pa mtengo wa mapeyala, girisi ali m'manja.
Usiku uja mwana wanga atakomoka
ndiye anapalasa mpaka ku Mishoni, mvula ili pamsana,
ndalama yanga n'kuikana.

Ndimapempherabe, sindinasiye.
Koma ndikatsinzina kuti ndikumbukire olungama,
fungo limene limayamba kundifikira
ndi la girisi.