Chiwongo Ndani?

Usiku wachitatu magetsi azima ku Ridgeway,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa labotale
ngati nayonso yatenga matendawa.
Tatsala awiri, ine ndi kompyuta,
ndi tiyi wozizira m'kapu ya Mutinta
amene anaweruka kalekale kuthamangira minibasi ya ku Chilenje.

Pagalasi pali zilembo zinayi zokha,
zobwerezabwereza ngati mwana wophunzira kuyankhula,
pafupifupi zikwi makumi atatu, mzere umodzi wosapumira.
Akuti dzina lako lonse ndi limeneli.

Kwathu ku Katete mlendo sitimutaya ndi dzina lokha.
Timati, "Nanga chiwongo ndani?"
Ndiye ndikufunse, iwe wolowa m'nyumba osaodira,
iwe wotseka sukulu ndi tchalitchi sabata imodzi:
ndiwe mwana wa yani?

Uli chete. Makina ndiwo akukuyankhira.
Ajambula mtengo wogona chammbali,
ndipo pa nthambi yoyandikana ndi yako
palendewera mleme, mutu pansi,
wa m'phanga la dziko lomwe sindidzapondako,
m'mimba mwake muli mnzako wofanana nawe nkhope.

Pa zilembo zana, zinayi zokha ndizo zasiyana.
Zinayi!
Ndinkati bambo wako ndamugwira pamkono.
Koma a dokotala Siachitema anaseka, magalasi ali pachipumi:
"Zinayi zimenezo ndi zaka makumi angapo, mwanawe.
Ameneyo ndi msuweni. Kholo ndi lina."

Ngaka nayo yatchulidwa pamlanduwu,
ija yodzipinda ngati nkhata ikamva mapazi.
Kachilombo kake akuti kali ndi kiyi wonga wako,
amene umatsegulira zitseko za m'mapapo athu.
Ndinaionapo kamodzi kokha,
m'saka ya chimanga, italandidwa kwa anyamata ogulitsa mobisa.
Sinalire.
Inangokwirira nkhope m'mamba ake
monga wodziwa kale kuti wosayankhula ndiye amalipira mbuzi.

Pakati pa mleme ndi munthu woyamba kutsokomola
pali mpata. Nthambi yathyoka pamenepo,
ndipo makina angolembapo timadontho.

Mpata wotere ine ndimaudziwa.
Pa khadi langa la kusikelo, pamzere wa bambo,
amayi anasiyapo poyera.
Ena amati ndili ndi chipumi cha dalaivala wa malole a ku Chanida,
ena amati mano ndi a mphunzitsi uja anasamutsidwa usiku.
Ndinakula ndikuyezedwa ndi maso a anthu pachitsime,
ndipo ndinaphunzira msanga
kuti kufanana si umboni.
Amayi anapita nalo yankho ku manda a Chingwere,
atalimanga pansonga ya chitenje.

Ndiye sindikukakamiza, mlendo woipa iwe.
Wadya azakhali a Mutinta, wadya wotchetcha kapinga wa pano,
ndimadana nawe ndi mtima wonse,
koma sindikunamizira kholo
pofuna kuti lipoti lithe bwino.

Kunja kwayamba kuyera.
Mileme yathu, yodya zipatso, ikubwerera mumtengo wa pageti,
ndipo a Mbuzi alonda aima ndi legeni, mwala uli kale pachikopa.
"Ndamva pawayilesi kuti ndi izi," akutero, chotseka pakamwa chili pachibwano.
Ndatsegula zenera.
"Zisiyeni, bambo. Izi sizinapiteko n'komwe kumeneko.
Mukazibalalitsa, mawa zikagona padenga la yani?"
Andiyang'ana nthawi yaitali,
kenako mwala uja auponya m'ngalande.

Ndabwerera pampando.
Pamzere womaliza wa fomu, pomwe afunsa gwero,
ndalemba ndi zala zozizira:
achibale apezeka, kholo silinapezeke.
Ndasainira dzina langa pansi pake,
ndi chiwongo chimene ndinabwereka kwa amalume.