Bolodi Pampanda

Kalata inabwera Lachiwiri, ya chidindo chofiirira:
sukulu isatsegulidwe, kolera wavuta.
Ine ndine mlonda. Ndinakhoma geti
n'kumati basi, ndizilonda madesiki ndi akangaude.

M'mawa mwake ahedi, Mayi Chidzanja, anatsika pakabaza,
matope a ku Mtandire ali mpaka m'akakolo.
Moni anaiwala. Anangoti,
A Gwaza, muli ndi waya?

Tinazula bolodi la Sitandade 8
n'kulimangirira kumpanda, kuyang'ana njira
yopita kokatunga madzi.
Kalata yaletsa ana kulowa, iwo anatero,
sinaletse masamu kutuluka.
Pansi pake tinaika ndowa ya kolorini
ndi sopo womanga pachingwe,
poti woyamba uja anamera miyendo.

Ana ankadutsa ndi zigubu pamutu,
kutula, kusamba m'manja,
kukopera pabondo, awiriawiri.
Mayankho ankaponya m'katoni
imene ine ndinaiboola pamwamba.
A Nthala a sayansi sanaoneke sabata ziwiri,
akazi awo ali m'tenti ku Bwaila.
Mayi sanawalembe m'buku la ojomba.
Anachonga okha mapepala awo
mpaka tochi ya foni kuthima.

Lolemba lina pepala la Mtisunge silinabwere.
Lachiwiri, zii.
Anapita okha kuseri kwa chigayo,
anabwerako dzuwa lili paliwombo,
anakhala pampando wanga wothyoka uja
choko chikunyenyeka m'dzanja.
Sindinafunse.

Ataimirira anafufuta zonse n'kulemba:
Lita imodzi ya madzi owiritsa,
timasupuni tisanu n'kamodzi ta shuga,
theka la kasupuni ka mchere.
Odwala akakhala atatu, shuga akhala wochuluka bwanji?
Tsiku limenelo anakopera ndi amayi a pamsika omwe,
wakabaza wina analemba pachikhatho.

Mvula inkabwera usiku kudzatsuka bolodi,
iwo m'mawa n'kuyambiranso, osadandaula,
kupatula za mtengo wa choko.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2.
Koma usiku ndi wautali, ndipo bolodi linali pomwepo.
Tsiku lina ndinaponyamo langa, lopanda dzina,
papepala lokulungira mandasi.

Geti titatsegula, ana akuthamangira m'makalasi,
anandipatsira m'manja, lopinda kanayi.
Inki yofiira inati:
Mwakhoza, a Gwaza.
Koma 7 wanuyu wayang'ana kumbuyo.