Mpeni wa Che Mdoka

Zaka khumi ndi zitatu pa Chimbiya
mbuzi zanga ankazinga ndi Che Mdoka.
Ine, kolona ili m'khosi, ndinkagwira miyendo,
iye n'kunong'ona mawu ake,
magazi n'kumwedwa ndi dothi.
Pa chiwaya changa pankadya aliyense,
a mikanjo, amayi a mvano,
ngakhale anyamata ochokera ku dambwe
fumbi likadali m'nsidze.

Kenako kunabwera lole ya zimkuzamawu.
Lachisanu inatsitsa makapeti pa mzikiti,
ina ya mtundu wina Lamulungu
inasiya malata makumi anayi pa tchalitchi.
Tinaomba m'manja mpaka kuwawa.

Wawoyo akalowa, belu lathu lidzakhala chete,
anatero a Chimphepo ku mphakati.
Uko nako ankati wathuyu akalowa
atsikana adzavula mipango pa geti la sukulu.
Amene anazimva ndi makutu ake sindinamuone,
koma mphekesera ilibe phazi
ndipo imafika msanga kuposa minibasi.

Mayi a ana anati, mpeni si uli nawo?
Ndinazinga ndekha kuseri kwa golosale,
dzanja likunjenjemera, mbuzi ikundiyang'ana.
Tsiku limenelo theka la nyama linauma pa chiwaya.
Che Mdoka anadutsa pa njinga
maso ali kumapiri,
ngati mapiriwo angofika dzulo.

Tsiku lovota tinaima mzere umodzi
m'chisanu cha m'mawa,
pakati pathu anthu anayi okha.
Tinatuluka chala chili bii,
inki yake ndi yanga botolo limodzi.
Moni anatsakamira pakhosi.

Wopambana anapita ku Lilongwe,
wogonja anapita ku khoti.
Thumba la fetereza silifunsa dzina la ubatizo.
Sabata yatha ku chipatala ku Dedza
ndinamuona pa benchi, mdzukulu ali pamiyendo,
tonse atatiuza kuti mankhwala atha,
tikagule ku famase.
Anandisunthira pang'ono kuti ndikhale.
Tinakamba za mvula basi.

Lero ndamanga tonde pa mtengo wa bulugamu.
Ndatuma Sitolo kuti akamuitane,
ndamuuza kuti asachulutse mawu,
angoti mbuzi ilipo.
Makala ndayatsa kawiri.
Dzuwa lafika pa denga la sitolo ya a Kachingwe,
tonde watha udzu wonse pomwe chingwe chikufika,
ndipo njinga iliyonse ikalira belu
ndikumadzuka.