Chilembo Chimodzi

Magetsi athima ku Chirimba kuyambira m'mawa
koma ine ndinaleka kudikira.
Batire ya minibasi ya Likaka, ija inafera pa Kameza,
ndaikokera pansi pa tebulo.
Mawaya awiri, wofiira ndi wakuda,
ndawagwiritsa ndi zopanira zovala.

Mayi Namakhwa afika kuchokera ku Lunzu
ndi masamba awiri a chinangwa m'jumbo.
Awayala patebulo ngati munthu woonetsa bala.
"Awa," akutero, "afanana ngati mapasa,
koma mtundu umodzi umaola m'kati,
ukaudula, dzimbiri lokhalokha.
Mitengo inasakanikirana pa ngolo.
Ndiuzeni ndibzale uti
mvula isanandipeze."

Ndi maso sindingathe, mayi.
M'tsambamu muli kalata yaitali,
zilembo zinayi zokha, zobwerezabwereza
kuposa njerwa zonse za mu Ndirande,
ndipo pena pake, pa mzere wina,
chilembo chimodzi chasintha.
Chimodzi basi.
Musachidelere:
mbewu ndi mbewa zimasiyana pomwepo,
ina imadzaza nkhokwe, inayo imaikhuthula.

Ndikusinja tsamba m'kabotolo kochepa ngati chala,
dontho la sopo, kamchere.
Gudumu la njinga ndalipachika chagada,
timabotolo ndamanga m'masipoko ndi mphira,
ndipo Sungeni, mwana wa eni nyumba,
akupalasa ndi dzanja mpaka thukuta.
Zolemera zikhale pansi,
zimene ndikufuna ziyandame.

Makina enieni ndinawaona m'kabuku ka mitengo.
Ndinawerenga maziro ake kawiri,
ndinatseka.

Anga ndi mapoto atatu pa mbaula zitatu:
lowira, lofunda, ndi lapakatikati.
Kuviika, kuwerenga, kuvuula, kuviikanso,
maulendo makumi atatu,
diso pa choyezera kutentha, diso pa wotchi,
kuti kachidutswa kamodzi ka kalata ija
kaswane, kachuluke, kaoneke.
Ulendo wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri
ndasokoneza kuwerenga.
Mayi Namakhwa ndiwo andikumbutsa;
anali kusuntha timiyala pakhonde
osandiuza.

Tsopano mankhwala odula,
okhawa amene ndimagula ndi ndalama yowawa,
dontho lochepa kuposa msozi wa nyerere.
Lumo limeneli ndi lamakani:
limadula pokhapo lawerenga mawu ake ndendende.
Chilembo chikaphonya, limapinda manja.

Phala loonekera lauma bwino
m'kabokosi kamene mwana wanga amatengera mbatata ku sukulu.
Ndadontheza, ndalumikiza batire,
tithovu tayamba kukwera m'mbali.
Tidikire.
Kunja sitima ikulira cha ku mafakitale,
wina akukhoma malata,
mitambo yaunjikana pamwamba pa Michiru.

Tatseka zenera ndi chitenje chawo.
Tochi yabuluu pansi,
pepala lachikasu la switi pa diso la foni,
mitu itatu yagundana mu mdima.

Apo!
Kumanzere kamzere kamodzi, konenepa.
Kumanja tiwiri, towonda,
tikuwala ngati ziphaniphani zogwidwa m'botolo.

"Ndiye kuti?"
Ndiye kuti wakumanjayu ali ndi chizindikiro
chimene timachipeza mwa yopirira ija.
Si lumbiro, mayi.
Dothi lili ndi mawu ake, gulugufe woyera ali ndi ake.
Ine ndangowerenga chilembo chimodzi
m'kalata imene sindidzaimaliza.

Iwo ayang'ananso timizere tija nthawi yaitali,
amanga mfundo pa phesi la kumanja,
ndipo afunsa mtengo.
Ndatchula wa makala ndi wa dontho lija.
Awerenga ndalama za m'mpango kawiri,
yatsala ya minibasi.

Akungotuluka, babu yaphethira, yayaka,
wailesi ya oyandikana nawo yakuwa pakati pa nyimbo.
Sungeni waseka mpaka kukhala pansi.

Ine ndikutsuka kabokosi,
katatu, ndi madzi otentha,
kenaka ndaima nako m'manja.
Ayi. Mwana ndimugulira kena mawa ku Limbe.
Aka kalowa ntchito.