Buku la Zilango

A Hedi anditumizira buku lija lachikuto chakuda,
lotupabe ndi madzi a chaka chimene Shire analowa mu ofesi.
Tsamba lili ndi mipata inayi:
tsiku, dzina, mlandu, chifukwa.
Wa chifukwawo ndi wopapatiza ngati chala cha mwana.

Dinyero Alufandika, Sitandade 4B:
wagenda mnzake ndi chigoba cha dambe.
Kugendako ndinaona ndi maso angawa.
Kamakina ka m'khutu mwake kanatha batire mu Ogasiti,
pa Bangula pano m'magolosale monse mulibe.
Ine ndimaphunzitsa nditayang'ana bolodi,
iye amawerenga msana wanga,
ndipo msana sutchula mawu.
Akacheuka amapeza kalasi yonse mano pamtunda,
ikuseka nthabwala imene iye sanaimve.
Amaganiza kuti akuseka iye.
Kawirikawiri sakhala atalakwitsa.

Nsai Zuze wang'amba kope pakati.
Tinamukhazika pawindo poti azipitidwa mphepo,
osaganiza za dzuwa la kuno,
limene ngakhale mbuzi zimalithawira pansi pa ngolo.
Limagwera pa khungu lake lopanda mthunzi,
limagwera pa pepala, pepala n'kumubaya m'maso,
choko changa n'kukhala phulusa louluzika patali.
Anandiuzapo kamodzi, m'Chisena, motsitsa mawu.
Ndinati pano si kumudzi, lankhula bwino.
Sanandiuzenso.

Bizeki watukwana. Mawuwo sindingawalembe.
Chimbudzi chimene njinga yake inkalowa chinapita ndi madzi,
zatsala zamasitepe,
ndiye mwanayu samwa kanthu chidzukire,
kuopa kunyamulidwa ndi anzake ngati thumba la thonje.
Ikamakwana leveni malata akuthetheka,
mutu wake ukulira ngati chigayo,
wina n'kubwera kumbuyo, kugwira njingayo:
pipiii, kabaza!

Koma amene amandisowetsa tulo ndi Tchapo.
Tikamawerenga mmodzimmodzi, mzere ndi mzere,
iye amawerenga mitu ya anzake:
atsala asanu, atsala atatu, watsala mmodzi,
pomwepo amalira ngati tonde,
kalasi n'kugwa ndi phwete, ine n'kumutulutsa.
Chaka chachitatu m'kalasi yomweyi,
zilembo zimamuthawa ngati timba pabwalo,
ndipo anazindikira kale, asanandidziwe ine,
kuti kuli bwino akutche wopulupudza
kusiyana ndi kukutcha chitsiru.
Panja, pansi pa msawu, amakhala phee,
kuumba ng'ombe zadothi zokhala ndi linunda lomwe.

Ine ndili ndi ana zana limodzi ndi makumi anayi.
Za ana otere ndinaphunzira masiku atatu ku Nchalo,
tinapatsidwa fanta ndi kabuku.
A Semba, odziwa kulankhula ndi manja,
amapalasa kuchokera ku boma kamodzi pa teremu,
msewu ukalola.
Ndinawalonjeza kuti ndiziyeserera.
Ndimadziwa chizindikiro cha "khala pansi"
ndi cha "leka".
Cha "wakhoza" ndinaiwala.

Belu lalira, chitsulo cha gudumu la thirakitala.
A Hedi akudikira buku lawo.
Zonsezi sizingalowe m'kampata aka,
ndiye ndalemba mawu amene amakwanamo:
mwano.
Pansi pake, mwano.
Pansi pakenso, mwano.
Pa Tchapo cholembera chakana, mwina ndi thukuta la m'manja.

Chilango ndi kukumba dzenje la zinyalala kuseri kwa ofesi.
Dinyero watenga kale khasu,
dzenje amalidziwa, lakale anakumba ndi iye.
Waima pakhomo, fumbi mpaka m'mawondo,
sakuyang'ana buku, sakuyang'ana ndodo,
akuyang'ana pakamwa panga.

Chiyambire m'mawa, aka n'koyamba
kuti ndimutembenukire nkhope.
Akudikira kuti milomo igwedezeke.